Kulira kwa mphaka usiku si ufiti

Mayi a ku Matawale, mwafunsa chifukwa chimene mphaka wanu wamkazi akulirira usiku ngati khanda, mpaka anthu oyandikana nanu ayamba kunong'onezana za ufiti. Chonde musamuthamangitse, ndipo musalole ana kumugenda, pakuti kulira kumeneku ndi kwachilengedwe. Mphaka wamkazi akakwanitsa miyezi pafupifupi 6, ena ngakhale 4, amayamba kufuna wamwamuna, ndipo mawu okoka aja ndiko kuitana kwake. Mukamuyang'anitsitsa masana mudzamuona akugubuduka pansi ndi kudzikhula pamiyendo yanu, ndipo mukamusisita kumsana amatsitsa chifuwa, n'kutukula kumbuyo, mchira ataupatutsira pambali. Amphaka aamuna akamva amasonkhana n'kumalimbana padenga la malata, ndiye phokoso limene likuopsa anthulo. Wamkaziyo akapanda kutenga bere, zimenezi zimabwereranso pakatha milungu iwiri kapena itatu. Akatenga, amaswa pakatha masiku 63 mpaka 65. Ngati simukufuna ana, pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamutseke, ndipo kulirako kudzatha.

Mawu a mphaka samveka bwino popanda kuyang'ananso thupi lake. Akabwera mchira uli chilili, nsonga yake itapindika pang'ono, ndiye kuti akukupatsani moni. Koma akamaumenyetsa uku ndi uku musayese kuti wakondwa monga amachitira galu: watopa nanu, ndipo makutu akagonera kumbuyo, chotsatira ndi zikhadabo. Ana ambiri amakandidwa chifukwa palibe amene anawauza zimenezi. Ngakhale kamkokomo ka pakhosi kamene amachita mukamufungata sikatanthauza chimwemwe nthawi zonse, popeza mphaka wodwala kapena wovulala amachitanso chimodzimodzi. Chimene ine chimandisangalatsa kwambiri ndi kuphethira. Mu 2020 akatswiri a ku yunivesite ya Sussex ku England anapeza kuti munthu akaphethira pang'onopang'ono moyang'ana mphaka, nayenso amakonda kubwezera, ndipo amayandikira mosaopa ngakhale munthuyo ali mlendo.

Pali kulira kumodzi kumene ndikupempha kuti musakunyozere. Mphaka akasintha mawu mwadzidzidzi, n'kumatuluka dovu, kulephera kumeza, kapena kuluma anthu amene anawazolowera, mwina ndi chiwewe, matenda amene amagwiranso amphaka osati agalu okha. Musamugwire ndi manja, koma mumutsekere ndi kuitana alangizi a ziweto. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite ku Zomba Central Hospital kapena kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo.