Tafunsani: Ndalama ya Khirisimasi Tiigawe Bwanji?

Ine ndi amuna anga tikaphatikiza malipiro a Disembala ndi zomwe ndigawane ku banki m'khonde, tikhala ndi K600,000. Tili ndi ana atatu, ndipo pa Khirisimasi timalandira abale. Chaka chilichonse pofika pa 5 Januwale timakhala tilibe ndi ya sopo yomwe. Tichite bwanji?
*Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre*

Amayi, vuto limayambira pa tsiku la malipiro. Mabwana ambiri amalipira msanga mu Disembala, cha m'ma 20, pomwe malipiro otsatira adzabwera kumapeto kwa Januwale. Ndalama yozolowera kuyenda masiku 30 ikufunika iyende masiku 40, ndipo m'kati mwakemo muli Khirisimasi, Nyuwere ndi kutsegulira kwa sukulu.

Choncho musayambe ndi funso loti tigule chiyani. Yambani ndi kuchotsa za Januwale: lendi, fizi ya teremu yachiwiri pamodzi ndi makope ndi nsapato, chimanga chofika mpaka kumapeto kwa mwezi, mayunitsi a magetsi, madzi, makala ndi ya minibasi yopitira kuntchito. Ngati muli ndi munda, musaiwale feteleza wobereketsa ndi ya aganyu opalira. Chimanga chodzalidwa kumayambiriro kwa Disembala chimafuna Urea patatha masabata atatu kapena anayi, ndiye kuti cha pa Khirisimasi pomwepa, ndipo sichidikira kuti mudzalandire kaye.

Kuchotsa komwe tikunena si kwa papepala ayi. Lendi kaperekeni kwa alandilodi pa 21, fizi kaikeni ku akaunti ya sukulu, mayunitsi guliranitu, thumba la chimanga lilowe m'nyumba. Ndalama yomwe idakali m'foni kapena pansi pa matiresi idzatuluka ndithu mlendo akafika mosayembekezereka.

Tiyerekeze kuti zonsezi zadya K450,000. Khirisimasi yanu ndi ya K150,000 yotsalayo, osati K600,000. Igaweni magawo khumi. Asanu ndi limodzi, K90,000, apite ku chakudya ndi zakumwa za masiku onse atatu: pa 25, pa 26 ndi pa 1 Januwale. Ambiri amawerengera tsiku limodzi lokha, kenaka Nyuwere n'kudyera fizi ya mwana. Magawo awiri, K30,000, akhale a mphatso. Limodzi likhale la maulendo ndi chopereka cha kutchalitchi, ndipo lomaliza musaliikire dzina, chifukwa nyengo ya mvula ino malungo sachedwa. Gawo lililonse likhale mu envulopu yakeyake, ndipo popita kumsika mutenge envulopu imodzi basi ndi pepala la zokagula. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. M'masitolo a mu Limbe sabata ya Khirisimasi chilichonse chimakoma m'maso.

Ndikuphikira anthu 15, akulu 9 ndi ana 6. Ndigule zochuluka bwanji kuti chakudya chisaperewere komanso chisatayike?
*Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe*

Achemwali, werengani ana awiri ngati wamkulu mmodzi, ndiye kuti muli ndi mbale 12. Onjezerani zitatu za anthu ongofika, chifukwa pa Khirisimasi palibe amene amabwezedwa pakhomo. Zabwereranso pa 15.

Kilogalamu imodzi ya mpunga wosaphika imakwanira akulu 6 kapena 7 ngati palibe nsima, choncho makilogalamu awiri ndi theka akukwanirani. Kilombero wa ku Karonga amanunkhira bwino koma ndi wodula, ndipo ena pamsika amamusakaniza ndi mpunga wina. Tapani pang'ono m'manja: njere zikhale zazitali zofanana, zosasweka kwambiri, ndipo fungo lizimveka usanaphikidwe. Mukaphikanso nsima ya akuluakulu amene sakhuta mpunga, makilogalamu awiri ndi okwana.

Nkhuku yoyera yonenepa bwino imatuluka nthuli 10 mukaduladula mosamala, yachikuda 7 kapena 8 zazing'ono. Kwa mbale 15, nkhuku zoyera ziwiri zikupatsani nthuli imodzi pa munthu ndi zotsala pang'ono. Zitatu ndiye phwando. Ngati ndi nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe, werengerani magalamu 200 pa munthu, mafupa ali momwemo, zomwe ndi makilogalamu atatu. Musagule zonse ziwiri pa muyeso wathunthu. Sankhani ndiwo imodzi ikhale yaikulu, inayo theka, kenaka kabichi wamkulu mmodzi, nyemba ndi mbatatesi zidzaze mbale. Lita imodzi ya mafuta ophikira ikwanira ngati simukukazinga tchipisi, yemwe amamwa mafuta kuposa ndiwo zonse pamodzi.

Pomwe ndalama imathera mwakachetechete ndi pa zakumwa. Botolo la Sobo la malita awiri, mukasungunula gawo limodzi ndi magawo anayi a madzi, limatuluka malita 10. Fanta akhale botolo limodzi pa munthu pa nthawi ya chakudya, zotsalazo thobwa agwire ntchito. Thobwa muyambe pa 23. Phikani phala la mgaiwa, muliphule lizizire mpaka chala chizipirira, ndiyeno thirani chimera n'kuvundikira usiku wonse. Mawa lake wiritsaninso. Mukathira chimera phala lidakali lotentha kwambiri, mphamvu yake imafa ndipo thobwa satsekemera, n'kumathera shuga wambiri. Mukapanda kuwiritsa kachiwiri, amasasa msanga ndi kutentha kwa Disembala.

Madzi osungunulira Sobo akhale owiritsa kapena othira klorini. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe anachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre. Mpunga wotsala musaugoneke mumphika pamalo otentha kuti ana adye m'mawa. Umatsegula m'mimba ngakhale mutautenthetsa. Ngati mulibe firiji, agawireni alendo anyamule tsiku lomwelo.

Kodi ndi bwino kugula zonse msanga mitengo isanakwere?
*Bambo wa ku Mchinji*

Zosawonongeka zokha, bambo. Mpunga, shuga, mafuta, mchere, Sobo, chimera ndi makala gulani mu Novembala kapena sabata yoyamba ya Disembala, pang'onopang'ono. Makala makamaka, chifukwa mvula ikakhazikika amadula ndipo amabwera onyowa. Matimati, kabichi ndi nyama zidikire pa 23 kapena pa 24. Kudzaza firiji ndi nyama masabata awiri tsiku lisanafike n'kuika ndalama pachiswe, poti magetsi akazima tsiku lathunthu nyama imasungunuka n'kuyamba fungo.

Nkhuku zoyera zimakhwima pa masabata 6, ndipo zikapitirira apo zimangodya chakudya chodula, zina n'kumafa ndi kutentha. Gwirizanani mtengo ndi woweta, perekani theka, mudzatenge pa 24. Yachikuda mukhoza kugula msanga, koma muitsekere payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu, kuopa chitopa. Njira ina yabwino ndi kusonkherana mbuzi mabanja anayi. Mbuzi yolemera makilogalamu 25 ili moyo imatuluka nyama pafupifupi makilogalamu 11 kapena 12, banja lililonse pafupifupi atatu. Mugwirizaniretu za mutu, chiwindi, matumbo ndi chikopa mpeni usanagwire ntchito, chifukwa mikangano imabukira pamenepo.

Kwathu tilipo ambiri: makolo, apongozi, ana a achemwali anga, ndi mtsikana wotithandiza pakhomo. Ndikapatsa wina, wina amadandaula. Mphatso ndigule bwanji?
*Mphunzitsi wa ku Dedza*

Aphunzitsi, lembani maina onse, kenaka muwaike m'makomo. Mphatso ipite ku khomo, osati kwa munthu aliyense payekha. Shuga paketi imodzi, mchere, sopo wochapira, botolo la mafuta ndi masamba a tiyi, zikamangidwa pamodzi, ndi mphatso yomwe agogo kumudzi adzaigwiritsa ntchito mpaka Febuluwale, nthawi yomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Kugula katoni ya sopo kapena belo la shuga kuholoselo n'kugawa nokha kumatsika mtengo kusiyana ndi kugula chimodzichimodzi.

Za makolo anu ndi za apongozi zikhale zofanana ndendende, mpaka mtundu wa chitenje. Chitenje chathunthu cha mayadi 6 chimatuluka zitenje zitatu. Ana agulireni zomwe mukanagulabe mu Januwale: nsapato zakusukulu, chikwama, kapena chovala chabwino cha pa kaunjika chochapidwa ndi kusitidwa. Mwana amasangalala ndithu kuvala chatsopano popita kutchalitchi, ndipo inu mwachepetsa mtolo wa mwezi wamawa.

Wokuthandizani pakhomo ayambe walandira malipiro ake onse pa nthawi yake, ndi ya basi ngati akupita kwawo. Diresi lanu lakale si malipiro. Mphatso ibwere pamwamba pa zimenezo.

Ndili ku Johannesburg. Ndikatumiza ya Khirisimasi, mu Januwale amandiimbiranso za fizi ndi feteleza. Nditani?
*Mnyamata wa ku Mangochi*

Achimwene, musatumize pakamodzi. Ya feteleza ipite kumayambiriro kwa Disembala, ya chakudya cha chikondwerero cha m'ma 20, ya fizi sabata yotsegulira sukulu, ndipo ngati n'kotheka ilowe mwachindunji ku akaunti ya sukulu. Nthawi iliyonse nenani pa gulu la banja la WhatsApp kuchuluka kwa ndalama ndi ntchito yake, kuti wolandirayo asasenze yekha milandu. Ikafika pa Airtel Money kapena Mpamba, onjezerani yotapira, apo ayi idzadulidwa pa ya ndiwo. Ndipo mukalandira uthenga woti “nambala yasintha, tumizani pa iyi”, musatumize: imbani kaye pa nambala yakale mumve mawu a munthu wanu. Akuba a pafoni amachuluka mwezi umenewu.

Malipiro anga sakukwana. Ndikatenge katapila kuti ana adyeko nkhuku?
*Mlonda wa ku Zomba*

Ayi, bambo. Ngati wakatapila akufuna 50 pa 100 iliyonse pamwezi, K40,000 ya nkhuku ndi mpunga idzakhala K60,000 kumapeto kwa Januwale, ndipo mukalephera, idzafika K90,000 mu Febuluwale, chimanga chili pa mtengo wokwera. Ena amasunga ndi khadi lanu la kubanki lomwe. Ndi ndalama yomwe muli nayo, gulani kilogalamu imodzi ya mpunga, theka la nkhuku kapena mazira, ndipo amayi afulule thobwa. Mu Januwale lowani banki m'khonde ya m'dera lanu. Magulu ambiri amayamba chaka chatsopano mwezi umenewo n'kudzagawana mu Disembala.