Masiku 10 ku Italy pa sitima: chepetsani mizinda, achemwali

Achemwali, funso limene mwafunsa m'gulu lathu lino ndaliwerenga kawiri. Mukuti muli ndi masiku 10 mu Meyi, munyamuka ku Manchester inuyo, bambo akunyumba ndi mayi anu amene akubwera kuchokera kumudzi, ndipo mukufuna kuzungulira pa sitima Milan, Venice, Florence, Pisa, Rome, Naples ndi Pompeii. Mwafunsanso kuti pa malo otchuka onsewa, oyenera kuona ndi ati. Ine ndimakhala ku Padova, ndipo abale ochokera kwathu ndawaperekezapo kangapo m'mizinda imeneyi, ndiye ndikuuzani mosabisa kuti mndandandawu watalika. Sitima zakuno n'zothamangadi, zingathe kukufikitsani konseko. Koma miyendo ya mayi bwanji? Tsiku lililonse losamuka limathera kulongedza, kukoka masutikesi ndi kudikira kuti akupatseni chipinda masana. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji asanu ndi awiri. Gonani m'mizinda itatu yokha: Rome masiku 4, Florence masiku 3, Venice masiku 2, lotsalalo ndi la ndege. Gulani tikiti ya ndege yotera ku Rome n'kudzanyamukira ku Venice, kuti musabwererenso m'mbuyo.

Tisanafike pa sitima, viza. Ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, mapepala okhalira ku UK sangakulowetseni ku Italy. Pamafunika viza ya Schengen, panopa mayuro 90 munthu wamkulu, pamodzi ndi inshuwalansi ya kuchipatala yofika mayuro 30,000. Viza imeneyi munthu amaipempha ali m'dziko limene amakhala, choncho mayi ayambe zawo adakali kumudzi, osati kudikira kuti mukaona zochita akafika kwanuko. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6.

Sitima zothamanga kuno zili za makampani awiri. Pali Frecciarossa ya Trenitalia, kampani ya boma, ndiye pali Italo yomwe inayamba mu 2012. Zonse zimafika liwiro la makilomita 300 pa ola, zonse n'zaukhondo, ndiye ingoonani yotchipa pa tsiku lanu. Rome kukafika Florence ndi ola ndi theka. Florence kukafika Venice ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Mitengo yake imayenda ngati ya ndege: wogula kutatsala mwezi kapena iwiri amalipira zochepa, wogula tsiku lomwelo amalira. Wina m'gulu muno wakulangizani tikiti ya Interrail, tikiti imodzi yokwerera sitima zambiri kwa masiku angapo. Ine sindikugwirizana nazo pa ulendo wanuwu. Mukhala ndi maulendo aatali awiri okha, pa Frecciarossa mudzalipirabe malo okhala padera, ndipo Italo siilandira tikiti imeneyo.

Pa siteshoni simudzaona mawu akuti Florence kapena Venice. Zolowerani mayina a eni ake: Roma Termini, Firenze Santa Maria Novella, Venezia Santa Lucia. Binario ndi pulatifomu, carrozza ndi bogi, posto ndi mpando wanu. Bolodi lalikulu limalemba kumene sitimayo ikukathera, osati kumene inu mukutsikira, ndiye sitima yanu ya ku Firenze ikhoza kulembedwa Milano kapena Torino. Tsatirani nambala ya sitima imene ili pa tikiti, basi. Pulatifomu amaionetsa kutatsala mphindi zochepa, musade nkhawa mukafika msanga n'kupeza palibe. Sitima zoima paliponse, zotchedwa Regionale, zilibe mipando yosungitsa ndipo mtengo wake susintha, koma tikiti yapepala muyenera kuidinda m'kamakina ka pa siteshoni musanakwere. Mukapanda kutero kondakitala amakulipiritsani chindapusa ngakhale tikiti ili m'manja. Mawu enanso oti muwadziwe ndi sciopero, sitiraka. Zimachitika kawirikawiri koma amalengeza pasadakhale, ndipo m'kati mwa sabata ma Regionale ena amayendabe kuyambira 6 mpaka 9 m'mawa ndi 6 mpaka 9 madzulo. N'chifukwa chake musaike ulendo wautali wa sitima pa tsiku lokwera ndege.

Tsopano Rome, kumene mtima wa mayi uli, poti mwati ndi a Katolika. Kuchokera ku bwalo la ndege la Fiumicino kwerani sitima ya Leonardo Express, mphindi 32 mwafika pa Termini. Konzani masiku kuti Lachitatu kapena Lamulungu likupezeni mumzindawu. Papa akakhalapo, Lachitatu m'mawa amakumana ndi anthu, ndipo matikiti ake ndi aulere koma opempheratu. Lamulungu 12 koloko masana amaonekera pa windo kutsogolera pemphero la Angelus, pamenepo safuna tikiti. Kulowa m'tchalitchi cha Petro Woyera n'kwaulere, chovuta ndi mzere wa chipikisheni, ndiye fikani mamawa dzuwa lisanakwere. Salola mapewa ndi mawondo pamtunda. Ikani chitenje m'kachikwama, chimathetsa nkhani yonse. Kukwera pamwamba pa denga lake ndi masitepe 551, ndipo ngakhale mulipire chikepe amatsalabe 320, opapatiza. Mayi asayese, akhale pansi apemphere mwamtendere.

Nyumba za zinthu zakale za ku Vatican, kumene kuli Sistine Chapel imene denga lake Michelangelo anajambula kuyambira 1508 mpaka 1512, gulani matikiti pa intaneti masabata angapo zisanachitike. Lamulungu amatseka, kupatula lomaliza pa mwezi pamene kulowa n'kwaulere, koma khamu la tsiku limenelo si loti n'kupitamo ndi munthu wachikulire. Dziwaninso kuti chapeloyo ili kumapeto kwenikweni, mumayenda mtunda ndithu m'makonde musanaifike. Tsiku limenelo musaikepo china chachikulu. Colosseum, bwalo lakale la masewera la Aroma, yomwe inatsegulidwa m'chaka cha 80, ipatseni tsiku lake. Tikiti yake ndi imodzi ndi ya mabwinja a Foro Romano ndi phiri la Palatino, ndipo imalembedwa dzina, choncho tengani pasipoti.

Koma malo amene ndikukupemphani kuti musawaphonye ndi San Paolo fuori le Mura, tchalitchi chimene chili pa manda a mtumwi Paulo. Alendo ambiri safikako, chonsecho ndi masiteshoni ochepa chabe pa sitima yapansi ya mzere B. Ndinapitako ndi azakhali anga, amayi a Mvano, osati a Katolika n'komwe. Mumalowa m'nyumba yaikulu yazii, nsanamira zili ndandanda mbali zonse, m'mwambamo muli zithunzi zozungulira za apapa onse kuyambira Petro. Kutsogolo mumatsika masitepe ochepa pansi pa guwa, ndipo kuseri kwa zitsulo mumaona mbali ya bokosi lamwala, pamwamba pake ataikapo unyolo umene amati anam'manga nawo. Azakhali anagwada pamenepo nthawi yaitali, manja ali pachifuwa, misozi ikutsika. Titatuluka anandiuza kuti makalata a Paulo akhala akuwawerenga kuyambira ku Sande sukulu, koma tsiku limenelo ndi pamene anamva mumtima kuti anali munthu weniweni amene anayenda pa nthaka. Mpaka lero akamasimba za ulendowo sayambira pa Colosseum.

Madzulo ena kayendeni ku Trastevere mukadye kumeneko. Kwa abale athu a ku Tete ndi Angónia amene ali m'gulu muno, kadera kameneka kali ndi mbiri yanu: ku likulu la bungwe la Akatolika la Sant'Egidio n'kumene kunkachitikira zokambirana zimene zinathetsa nkhondo ya ku Mozambique, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere mu Rome pa 4 Okutobala 1992. Ife amene tinakula tikuona misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Mwanza, kuima pa kabwalo ka Sant'Egidio kumatikhudza.

Za Pompeii, mzinda umene phiri la Vesuvio linakwirira m'chaka cha 79. N'zotheka kupita n'kubwerako tsiku limodzi: ola ndi mphindi 10 kukafika Napoli Centrale, kenako mumatsikira pansi pa siteshoni kukakwera sitima ina yotchedwa Circumvesuviana mpaka Pompei Scavi, mphindi pafupifupi 40, nthawi zambiri choimirira. M'katimo misewu ndi ya miyala ikuluikulu yosalingana ndipo mthunzi ndi wosowa. Ngati bambo akunyumba akufunitsitsa, apite okha m'mawa inu mutsale ndi mayi. Apo ayi, pitani nonse ku Ostia Antica, doko lakale la Aroma, theka la ola pa sitima kuchokera mumzinda. Kuli misewu yakale, mabafa, bwalo la zisudzo, ndi mitengo yoti mupumepo.

Florence ndi waung'ono, pafupifupi chilichonse n'chofikirika wapansi kuchokera pa siteshoni. Nyumba ziwiri zotchuka za zojambula ndi ziboliboli, Uffizi ndi Accademia, zonse zimatseka Lolemba. Sankhani imodzi. Uffizi imafuna theka la tsiku ndi munthu wokondadi zojambula. Accademia ola limodzi mwathana nayo, ndipo n'kumene kuli chiboliboli cha Davide cha mu 1504, chotalika mamita opitirira 5. Auzirenitu mayi kuti ziboliboli zambiri zakuno n'zosavala, asakadzidzimuke pamaso pa mkamwini. Denga lalikulu la tchalitchi cha Duomo, limene Brunelleschi anamaliza mu 1436, lili ndi masitepe 463 opanda chikepe. Kuliona bwino kwake ndi kukwera basi kupita ku Piazzale Michelangelo dzuwa likamapendeka, mzinda wonse ndi mtsinje wa Arno zili pansi panu. Pisa ndi ola limodzi pa Regionale. Pitani m'mawa, onani nsanja yopendekeka ija, jambulani, nkhomaliro mukadyere ku Lucca kapena mubwerere. Si kogona.

Venice, samalani potsika. Sitima imayamba yaima pa Venezia Mestre, kumtunda, ndipo ambiri amathamangira kutsika atamva dzina. Khalani pansi. Ikachoka pamenepo imalowa pa mlatho wa makilomita pafupifupi 4, madzi uku madzi uku, mitengo yokhomedwa m'nyanja yosonyeza njira ya maboti, ndipo kutsogolo nsanja za matchalitchi zimatuluka ngati zikuyandama. Mayi muwapatse mpando wa pa windo. Mukatuluka pa khomo la Santa Lucia palibe msewu, palibe galimoto, masitepe amatsikira pa ngalande yaikulu ya Canal Grande penipeni, maboti akudutsana. Ndafikapo kambirimbiri koma ndimaimabe kaye pamenepo.

Mzindawu uli ndi milatho yopitirira 400, pafupifupi yonse ya masitepe, ndiye sutikesi yaikulu ija ya kumudzi isabwere. Aliyense kachikwama kamene angathe kunyamula yekha, ndipo hotela ikhale pafupi ndi siteshoni kapena ndi poima boti. Basi yakuno ndi boti lotchedwa vaporetto. Tikiti imodzi ndi yodula, mayuro 9.50, ndiye gulani ya tsiku lonse. Kwerani nambala 1 kuchokera pa siteshoni mpaka San Marco, imayenda pang'onopang'ono ndipo mumaona nyumba zonse zokongola mutakhala pansi. Gondola, bwato lopalasa lotchuka la ku Venice, ndi mayuro 90 theka la ola masana. Ngati mukungofuna kulawa, pali traghetto, bwato la mtundu womwewo lowolotsa anthu pa mayuro 2. Kuyambira 2024, obwera kudzangoswera amalipira polowa pa masiku ena, koma ogona mumzindamo salipira, a hotela adzakuuzani zochita.

Milan musiyeni ulendo uno. Chimene chikanakukokerani ndi chithunzi cha Mgonero Womaliza cha Leonardo da Vinci, koma amalola mphindi 15 zokha ndipo malo amatha kutatsala miyezi.

Tina ting'onoting'ono. M'sitima zapansi za ku Rome ndi pa Termini muli opisa m'matumba, chikwama chizikhala kutsogolo, mapasipoti m'kati mwa zovala. Madzi a m'mipopi ya m'misewu ya Rome, imene amaitcha nasoni, ndi abwino kumwa, tengani botolo. Ku lesitilanti mudzaona pa bilu mawu akuti coperto, imeneyo ndi ndalama ya pa tebulo, sanakubereni. Khofi womwa choimirira pa kauntala ndi wotchipa kuposa wokhala pansi. Hotela iliyonse imatolera padera msonkho wa mzinda, munthu aliyense usiku uliwonse. Ndipo mayi akayamba kulakalaka nsima, zomwe zidzachitika pofika tsiku lachinayi, pirirani mpaka kumpoto kuno mupemphe polenta. Ndi ufa wa chimanga, amaphika ndi mthiko ngati ife, ndipo ku Venice amadyera nsomba.

Padova ili theka la ola kuchokera ku Venice, pa njanji yomweyo yochokera ku Florence, ndipo kuno n'kumene kuli manda a Antonio Woyera. Ngati mayi angakonde Misa kumeneko, mundiuze kumbali masiku mukawatsimikiza, ndidzakuchingamirani pa siteshoni.