Mafunso Anu: Mtengo ukudontha madzi pomwe kulibe mtambo

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku Chilenje, kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo waukulu umene timausapo masana poti mnyumba simukukhalika ndi kutenthaku. Chiyambire Okutobala mtengowu ukungodontha timadzi ngati mvula yowaza koma kumwamba kuli mbee, ndiye nyenje nazonso phokoso mpaka makutu kuwawa. Apongozi anga akuti si zabwino zimenezi tiudule basi, koma mwana wanga wa giredi 5 akulira kuti tisadule. Tithandizeni.
Mayi wa ku Chilenje

YANKHO: Amayi, nkhwangwa ija ibwezeni kaye kumene munabwereka. Mtengo wanu ulibe vuto lililonse, ndipo timadzi tija ndi phokoso lija mwina gwero lake ndi limodzi. Nyenje ili ndi kamlomo ngati singano, imabaya nthambi nkumayamwa madzi a mumtengo. Madzi amenewo chakudya chake ndi chochepa kwambiri ndiye kuti ikhute imayenera kumwa ambirimbiri, otsalawo imangotaya kumbuyo. Zikachuluka mumtengo umodzi mumamva ngati kukuwaza. Palinso tizilombo tina timene timachita zomwezo koma ito timabisala mu thovu loyera ngati malovu, mukayang'ana mnthambi nkuona thovu likulendewera dziwani kuti ndi timeneto. Madziwo sapweteka munthu, ndipo mvula ikakhazikika zimatha zokha.

Za phokoso, zimene zikulirazo ndi zazimuna zokhazokha, zikuitana zazikazi. Sizilira ndi pakamwa ayi, zili ndi timang'oma tiwiri mmbali mwa mimba timene zimanjenjemeretsa mwachangu, mimbayo mkati ndi yamphako ndiye mawu amakula choncho. Dzuwa likafika paliwombo mpamene zimalimbikira.

Mwana wanuyo mumutume ntchito iyi mawa mmamawa: ayang'ane pa thunthu la mtengowo, cha mmunsi, apeza timakoko touma tofiirira titakakamira pakhungwa, tili ndi miyendo yonse ndi maso omwe koma kumsana kutang'ambika. Chimenecho ndi chovala chakale cha nyenje. Imakhala zaka pansi pa nthaka ikuyamwa mizu, kenako imatuluka usiku, kukwera mtengo, kung'amba msana nkutuluka ndi mapiko, ndiye moyo wa panjawu ndi wa masabata ochepa chabe. Ine ndili mwana tinkazitola tikumaziika mkabokosi ka machesi, mpaka lero ndikaona kamodzi ndimaima. Apongozi muwaonetse kakoko kamodzi mwaulemu, muwafotokozere bwinobwino, akuluakulu akaona ndi maso awo samavuta. Komanso taganizirani mthunzi umenewo mu Lusaka wa masiku ano, mitengo ikutha ndi mapuloti, mukadula lero mudzadikira zaka zingati kuti wina ukule?

FUNSO: Pa mawaya a magetsi kuno ku Chelstone kwadzaza anamzeze madzulo alionse, miyezi yapitayi kunalibe. Amachokera kuti? Anyamata akumawalasa ndi malegeni.
Mnyamata wa ku Chelstone

YANKHO: Achimwene, ambiri mwa amenewo ndi alendo ochokera kutali zedi. Amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, kukayamba kuzizira kumeneko amanyamuka, kudutsa chipululu cha Sahara nkufika kuno cha mu Okutobala ndi Novembala, amabwerera mu Malichi kapena Epulo. Kambalame kolemera magalamu 20 okha, kuyenda makilomita masauzande ndi mapiko ake, ndiye kadzafere pa waya ku Chelstone chifukwa cha mwala wa mwana wosowa chochita, ine zimandiwawa kwambiri. Nyama yake ndi yoti simungadyere ngakhale mbamu imodzi ya nsima.

Kuti muwazindikire onani pakhosi, pamakhala pofiira moderapo, pansi pake kamzere kakuda ngati mkanda, mimba yoyera ndipo mchira ndi wa mphanda. Amenewa samanga zisa kuno. Aja amene amaumba zisa zadothi pansi pa denga la sukulu kapena pansi pa mlatho ndi anamzeze athu akonkuno, mtundu wina.

Chimene amadzera ndi chakudya. Dikirani mvula yoyamba yamphamvu igwe, inswa zikayamba kutuluka pa chulu dzuwa lisanalowe mukaime chapatali muone mmene kumakhalira, anamzeze kuuluka mmunsimmunsi, akabawi kuzungulira mmwamba akugwira inswa ndi zikhadabo nkumadya ali mlengalenga momwemo, pansi achule ndi abuluzi nawonso ali kalikiliki, ife anthu tikubwera ndi mabeseni. Ena amalipira ndalama zambiri kupita ku nkhalango yotetezedwa ya Kasanka kukaona mileme mamiliyoni imene imasonkhana kumeneko nyengo yomwe ino, ndi zabwino ndithu kwa amene angakwanitse, koma izi za pa chulu ndi zaulele. Anyamata a malegeniwo musawakalipire, muwaitane tsiku limenelo, muwauze kumene mbalamezo zachokera kenako muwapatse ntchito yowerenga kuti pa waya pakhala zingati madzulo alionse mpaka Epulo.