Misewu yafumbi yopanda zitunda zoopsa: yankho kwa achimwene a ku Chilomoni

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni. Akuti anabwera ndi njinga kuchokera ku Johannesburg, ya mahandulo opindikira pansi ndi matayala okulirapo, imene kumeneko amaitchula kuti gravel bike. Bondo lakumanja limawavuta pachitunda, ndipo maminibasi a m'tauni awagwetsa ulesi. Funso lawo ndi ili: "Kodi kufupi ndi Blantyre kuno kuli misewu yafumbi yoti munthu n'kupalasa modekha Loweruka m'mawa, osatsika n'kumakankha njinga?"

Ilipo achimwene, koma siyambira pakhomo panu. Mzinda wathuwu unamangidwa pakati pa mapiri, Michiru uko, Ndirande uko, Soche, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo kulikonse kumene mungalowere kuchokera ku Chilomoni mukumana ndi chitunda musanatenthe n'komwe thupi. Choncho nyamulani njingayo pa galimoto, kapena gwirizanani ndi kondakitala aimangirire kumbuyo, mukayambire kunja kwa tauni. Ena amaona ngati kutero n'kubera. Bondo ndi lanu, iwo asiyeni.

Kumene ndingakutumizeni poyamba ndi ku Chiradzulu. Tengani msewu wa Midima kuchokera ku Limbe, mudutse Bangwe, mukatsikire pamphambano yolowera ku Nguludi. Kuchokera dera limenelo kulowera chakum'mawa dziko limayamba kugona pang'onopang'ono mpaka kukathera kuchidikha cha Phalombe. Timapiri tilipo, koma tinakhala patalipatali, ndipo misewu ya m'midzi imatizungulira m'malo motikwera. Mumakwera pang'ono, kutsetsereka pang'ono, kuwoloka kamtsinje, kenako kamsika. Kusochera n'kovuta chifukwa phiri la Chiradzulu limaonekera kulikonse, ndipo kukacha bwino la Mulanje limakhala patsogolo panu. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti chimanga chimakhala atakolola kalekale, m'minda mwatsala nandolo, ndiye maso amaona patali.

Ulendo umakoma ukakhala ndi kopita, ndipo kumeneko kopita ndi ku Mbombwe, ku Providence Industrial Mission, komwe tonse timangoti ku PIM. Mishoniyi anaiyambitsa John Chilembwe mu 1900 atabwerera kuchokera ku America. Ataukira atsamunda mu Januwale 1915, boma linagumula tchalitchi chake, ndipo mishoniyo inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anaitsegulanso. Mishoni ya Akatolika ya Nguludi, imene mwayambira ulendo pafupi nayo, inatenthedwa pankhondo yomweyo. Ambiri a ife nkhope ya Chilembwe timaiona pandalama tsiku ndi tsiku koma ku Mbombwe sitinapondeko, chonsecho ndi pamphuno pomwepa. Mukafika, pemphani kwa a mpingo musanayambe kujambula. Mphamvu zikadzachuluka mudzayambire ku Namadzi pamsewu wa Zomba n'kulowera ku Magomero, komwe Bishopu Mackenzie anamanga mishoni mu 1861, komwenso kunali esiteti ya A. L. Bruce imene anthu a Chilembwe anaithira nkhondo.

Dera lachiwiri ndi la Chileka, Lunzu mpaka Lirangwe. Uku ndiye kosalala kwenikweni, ndipo mukamayandikira Lirangwe milambe imayamba kuoneka. Koma ndi kunsi: tauni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita osakwana 800. Kusiyana kumeneko mumakumva pakhungu. Mu Okutobala, ikamakwana 9 koloko m'mawa muzikhala mukumaliza. Msampha wina ndi woti popita kuchokera m'tauni kudzera pa Kameza njinga imangoyenda yokha, munthu n'kumadziona katswiri, pobwerera dzuwa lili paliwombo ndiye mumalipira ngongole yonse. Yambirani komweko, mumalizire komweko. M'mawa kwambiri mukumana ndi amakala akukankha njinga zosenza matumba kulowera m'tauni. Apatukireni, katundu ameneyo saimika msanga.

Ndikudziwa kuti wina akuuzani za ku Thyolo, chifukwa zithunzi za minda ya tiyi zadzaza pa Facebook. Kukongola ndiye n'kosayamba, koma maso amanama. Tiyi amalimidwa m'malo otsetsereka a mvula yambiri, ndipo timisewu ta m'minda timangokwera ndi kutsika osapumira. Komanso minda ngati ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, ili ndi eni ake. Mumayamba mwapempha pageti. Kusungeni kumeneko mpaka bondo litalimba. Msewu wa ku Chikwawa usakukopeninso: ukangodutsa Mpemba n'kuyamba kutsetsereka, umakatha uli ku Shire, ndipo kukwera kwake si kwa munthu wodandaula bondo.

Za nyengo sindichulutsa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndiye nthawi yake, kungoti mu Juni ndi Julayi chiperoni chikhoza kukunyowetsani, tengani kajekete. M'dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, dothi lamakande la m'zidikha limamatirira kumatayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndipo mukakakamiza mumathyola kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo. Chichitikireni namondwe Freddy mu Malichi 2023, musamakhulupirire kuti mlatho uliwonse umene Google Maps ikuonetsa ulipodi. Funsani akabaza papokwerera. Amadziwa kumene kwadukaduka, kumene kuli mchenga, ndi njira yachidule imene mapu alibe. Koma akakuuzani kuti "ndi pafupi pompa", funsaninso kuti amalipiritsa zingati kukafikako. Mtengo ndi umene ukuuzeni kutalika kwake.

Tsopano njingayo. Amisiri a pansi pa mtengo ndi aluso, chigamba amamata bwino, tcheni amalumikiza, masipoko amakunga. Vuto n'loti zipangizo zawo ndi za njinga zathu zachikhalire za magudumu a mainchesi 28 ndi za mtundu wa mountain bike za mainchesi 26, pomwe yanuyo mwina ili ndi magudumu a 700c. Tayala la 28 lachikhalire silikwana pa limu ya 700c ngakhale zimaoneka zofanana. Valavu yowonda ija ya Presta nayonso mapampu ambiri akumudzi saigwira. Ndiye nyamulani machubu awiri, pampu yanu, zigamba ndi guluu, ndi timasipanala ta allen key. Matayala a mamilimita 38 mpaka 45 ndi abwino kumisewu yathu, ndipo musawapope mpaka kuuma gwa. Chilimwe chikafika misewu imachita timizere ngati malata, ndipo tayala lolimbitsitsa limangodumphadumpha, manja n'kuchita dzanzi. Minga nayo imachuluka m'tinjira todutsa m'minda atakolola. Za bondolo: kwezani chishalo mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikakhala pansi, ndipo muzipalasa giya yopepuka mofulumira m'malo molimbana ndi yolemera. Likamatupa, kaonaneni ndi adokotala musanawonjezere mtunda. Poyamba makilomita 20 kapena 25 akukwanani.

Chakudya musasenze chambiri. Nthochi, zitumbuwa, mandasi, chinangwa chophika ndi mzimbe zili pamsika uliwonse, bola mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba, chifukwa mayi wogulitsa nthochi sangakusinthireni K5,000, ndipo netiweki ya Mpamba kapena Airtel Money sipezeka paliponse. Madzi tengani mabotolo awiri. Pamjigo mukhoza kudzazanso, koma perekani moni kwa amayi amene mwawapeza, mudikire akupatseni mpata.

Apa ndiye pamene anzathu ena ovala zothina ndi magalasi akuda amatichititsa manyazi. Msewu wafumbi ndi bwalo la anthu: ana amasewerapo, mbuzi zimagonapo, ena ayanika mphale m'mphepete. Belu likhalepo, ndipo "zikomo" kapena "wawa" azimveka musanadutse munthu. Mukaona masamba atayalidwa mopingasa msewu, pali maliro. Tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Kankhalango kowirira kali kokhakokha pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, si popumulira kapena potayira madzi. Patchuthi cha sukulu cha chilimwe midzi yambiri ya ku Chiradzulu imakhala ndi zinamwali, ndiye mukauzidwa kuti njira iyi sikudutsa anthu, bwererani osafunsa zambiri.

Loweruka loyambalo musapite nokha. Pezani mnzanu mmodzi, muuze akunyumba dera limene mwalowera ndi nthawi yobwerera, mufike pamphambano ya Nguludi cha m'ma 6 koloko. Ngati mnzanu palibe, gwirizanani mtengo ndi wakabaza wa njinga yakapalasa kuti akutsogolereni mpaka ku PIM ndi kubwerera. Mumuuziretu za bondolo, apo ayi akusiyani kumbuyo ndi njinga yake yopanda magiya.