Mapu anga a masuku akuonetsa timadontho tochepa, ndalakwitsa pati?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mtsikana wa ku Lizulu kuno ku Ntcheu, ndikuphunzira za nkhalango ndiye aphunzitsi atipatsa ntchito yoti tipange mapu oonetsa komwe mtengo umodzi umapezeka, tigwiritse ntchito pulogalamu ya R. Ine ndasankha msuku poti kwathu masuku ndi osasowa, nyengo yake ikafika azimayi amachita kundanda nawo m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Koma nditatenga deta pa intaneti timadontho tabwera tochepa, kwathu kulibe olo kamodzi, tina tagwera kunja kwa Malawi. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Achemwali zikomo kwambiri, ndasangalala kuti mwasankha mtengo wakwathu omwe mumaudziwa kuyambira muli mwana. Ndikukhulupilira kuti deta yanuyo mwaitenga ku GBIF, poti ambiri timapita konko. Ili ndi bungwe lomwe linayamba mu 2001, likulu lake lili ku Copenhagen m'dziko la Denmark, ndipo ntchito yake ndi kuika pamodzi zolembedwa zonse zonena kuti chomera chakuti kapena nyama yakuti inaonedwa pamalo akuti tsiku lakuti. Zonse ndi zaulele, R nayonso ndi yaulele, chomwe chikudyeni ndi bandulo basi.

Poyamba onetsetsani dzina. Kompyuta siidziwa msuku, imadziwa Uapaca kirkiana, ndiye mu R muikemo phukusi la rgbif, dzinalo mulipatse name_backbone kuti ikupatseni nambala yake ya mtengowo, kenako muifunse deta ndi nambalayo. Pongoyeselera lamulo la occ_search ndi lokwanira koma dziwani kuti mukapanda kuliuza kuchuluka kwake limangobweretsa mizere 500. Pa ntchito yokapeleka kwa aphunzitsi tsegulani akaunti ku GBIF mugwiritse occ_download, imeneyo imabwera ndi DOI, nambala yozindikiritsa detayo pa intaneti, yoti mulembe mu lipoti lanu kuti wina aliyense athe kupeza deta yomweyo.

Tsopano za timadontho tothawira kunjato. Malawi ali kumwera kwa equator ndiye latitude yathu imayamba ndi kamzere kochotsera. Tauni ya Dedza ili cha pa -14.4, longitude yake cha pa 34.3. Wolemba akangoiwala kamzereko kadontho kamakapezeka ku Sudan, ndipo inuyo mukasinthanitsa manambala awiriwo kakagwera m'nyanja ya Atlantic. Ndiye popanga mapu ndi phukusi la sf muyambe decimalLongitude kenako decimalLatitude, crs, yomwe imauza kompyuta kayezedwe ka malo, ikhale 4326, mukatero phukusi la ggplot2 lijambula bwinobwino. Phukusi la CoordinateCleaner lithandiza kugwira timadontho tokaikitsa, monga tija tomwe anangotiponya pakati penipeni pa dziko kapena pa likulu chifukwa papepala lakale panangolembedwa kuti Nyasaland. Muonenso coordinateUncertaintyInMeters, kadontho kokaikitsa ndi makilomita 50 sikangakuuzeni zoona za phiri limodzi.

Kwa inu a ku Lizulu pali kanthu kena. Msewu wa M1 kwanuko umayenda m'malire, uku Malawi uku Mozambique, ndiye mukauza kompyuta kuti country ikhale MW, msuku omwe uli kutsidya kwa msewu, omwe mukuuona ndi maso anu mutaima pamsika, iutaya. Mtengo sudziwa malire, ndiye bola mujambule bokosi lanu ndi geometry lotenga mbali zonse ziwiri.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna chikulowenidi ndi ichi. Mukakonza zonsezi nkutheka kwanu kukhalabe kopanda kadontho, ndipo apo simunalakwitse chilichonse. Mapuwo sakuonetsa komwe msuku umamera ayi, akuonetsa komwe munthu wina anafika, nkuthyola kanthambi kapena kujambula chithunzi, nkulemba malo. Zambiri zakale zimachokera m'nyumba zosungira zomera zouma, monga ya ku Zomba kapena ya Kew ku London, ndipo otolera ankakonda kuyenda momwe muli msewu, pafupi ndi matauni, ndi m'mapiri otchuka ngati Zomba ndi Mulanje. Midzi yathu yapakatikati ankangoidutsa. Komanso chinthu chopezeka paliponse anthu sachilemba, amathamangira chosowa. Zimandipweteka ine ndikamawerenga lipoti la wophunzira likuti mtengo wakuti kulibe ku Ntcheu chifukwa choti mapu ndi oyera, pomwe agogo ake amatola zipatso zake chaka ndi chaka mvula ikamayamba. Lipoti ngati limenelo likafika kwa okonza ndondomeko za nkhalango, dera lanu lisiyidwa. Inu mulembe kuti deta yaderali palibe, osati mtengo kulibe, ndipo yang'anani chaka cha mzere uliwonse poti kadontho ka 1955 mwina lero pali munda wa mbatatesi kapena wa kabichi.

Ndiye mpatawo mutsekeni nokha. Ikani pulogalamu ya iNaturalist pafoni, yatsani GPS, jambulani masamba ake akuluakulu olimba aja, khungwa, ndi zipatso ngati zilipo, ndipo anthu ena akatsimikiza dzina, komanso ngati mwalola pa laisensi, chithunzi chanucho chimakalowa ku GBIF komweko. Netiweki ikavuta kutchire jambulanibe, mukatumiza mukafika kunyumba. Anzanu a ku koleji ya za nkhalango ku Chongoni atachita chimodzimodzi m'phiri la Dedza ndi ku Mua-Livulezi mapu a chigawo chino asintha ndithu.

Chenjezo limodzi, msuku alibe vuto koma mukadzapanga za mlombwa kapena mbawa, yomwe inalowa pamndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama pa malonda, mu 2022, musadzaike malo enieni a mtengo waukulu poyera. Ocheka matabwa nawonso ali ndi mafoni. Pa iNaturalist sankhani obscured kuti malo enieni abisike, ndipo pamapu a lipoti lanu mungoonetsa dera lake basi.