Achemwali, tsekani kaye mbiri ya ngongole ya mwanayo, za khoti zibwere pambuyo

Achemwali a ku North Carolina, mwafunsa ngati kalata yotsatsa khadi la ngongole imene yabwera m'dzina la mwana wanu wa zaka 11 ikukhudzana ndi uthenga umene munalandira mu 2025 wonena za kubedwa kwa zambiri za ana ku PowerSchool, kampani imene masukulu amasungitsako zambiri za ana asukulu pakompyuta, komanso ngati mungasumire sukulu. Ndiyamba ndi mwanayo, chifukwa mbali imeneyo ili m'manja mwanu sabata ino.

Kalatayo musaitaye, isungeni pamodzi ndi envelopu yake. Mwina dzina la mwana linangolowa pamndandanda wa otsatsa malonda, koma mwana wa msinkhu umenewo nthawi zambiri sakhala ndi mbiri ya ngongole, ndipo kalata yotere ndi chimodzi mwa zizindikiro zoti wina akugwiritsa ntchito nambala yake ya Social Security. Akuba amakonda nambala za ana chifukwa palibe amene amaziyang'anira. Ngongole imakhala phee zaka zambiri, n'kudzatulukira mwana ali ndi zaka 18 akufuna lendi kapena ngongole ya kukoleji.

Kwa ena m'gulu muno amene simunamve: mu Disembala 2024 munthu analowa m'makompyuta a PowerSchool ndi pasiwedi yobedwa, n'kukopera mayina, madeti obadwa, maadiresi, ndipo m'masukulu ena nambala za Social Security ndi zokhudza matenda a ana. Oimira boma pamlandu wa kubaku anati ana asukulu okhudzidwa ndi oposa 60 miliyoni, aphunzitsi 10 miliyoni. Kampaniyo inalipira dipo poganiza kuti zobedwazo zifufutidwa, koma mu Meyi 2025 akuluakulu a masukulu ku North Carolina komweko ndi ku Toronto, ku Canada, analandira mauthenga ofuna ndalama zina pa zinthu zomwezo. Matthew Lane, mnyamata wa ku Massachusetts, anavomera mlandu wa kubaku ndipo mu Okutobala 2025 anagamulidwa zaka 4 kundende. Kumangidwa kwake sikusintha nambala ya mwana wanu, n'chifukwa chake ndikuumirira zotseka mbiri yake ya ngongole.

Kuyambira mu Seputembala 2018, lamulo la dziko lonse la America limalola kholo kutseka mbiri ya ngongole ya mwana wosakwana zaka 16 kwaulere. Pempholi limatchedwa security freeze, ndipo muyenera kulipereka ku makampani onse atatu osunga mbiri ya ngongole payekhapayekha: Equifax, Experian ndi TransUnion. Kutseka kumodzi kokha kuli ngati kukhoma chitseko chakumaso n'kusiya chakuseri pululu. Konzani mafotokope atatuatatu a satifiketi yobadwira ya mwana, khadi lake la Social Security, chiphaso chanu ndi bilu yosonyeza kumene mukukhala. Mapepala enieni asachoke pakhomo. Tumizani pa positi yokupatsani lisiti, ndipo m'kalatamo apempheni afufuze ngati pali kale faelo pa nambala ya mwanayo. Ngati palibe, amatsegula faelo n'kuitseka nthawi yomweyo. Ngati ilipo ndipo muli ngongole, pitani pa IdentityTheft.gov, tsamba la Federal Trade Commission, bungwe la boma loteteza ogula, mukalembetse. Lipoti limene mutenge kumeneko ndi limene mukasonyeze kubanki pokana ngongoleyo. Makalata otsimikizira kutsekako muwasunge pamodzi ndi mapasipoti, adzafunika mwana akadzakula.

Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi msonkho. Munthu angathe kulemba mwana wanu ngati wake pamafomu a IRS, ofesi ya msonkho, n'kulandira ndalama zimene zikanabwera kwa inu. Kuti zimenezi zisachitike, pemphani ku IRS Identity Protection PIN yanu ndi ya mwana. Ndi nambala ya madijiti 6 imene imasintha chaka chilichonse.

PowerSchool inapereka zaka 2 za ulonda waulere, woyang'anira ngati wina akugwiritsa ntchito dzina la mwana, kudzera ku Experian, koma kulembetsa kunali ndi tsiku lomaliza, onani pa uthenga uja. Ngati nthawi inadutsa musadandaule kwambiri. Ulonda umakuuzani zinthu zitachitika kale, pamene kutseka kumaletsa ngongole yatsopano isanatsegulidwe.

Tsopano za malamulo, ndipo pano sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Lamulo la FERPA la 1974 limakupatsani ufulu woona zimene sukulu ikusunga za mwana wanu, ndipo iyenera kukusonyezani pasanathe masiku 45 mutapempha. Lembani pempholo pa imelo kuti deti lioneke, ndipo afunseni mwachindunji ngati nambala ya Social Security ya mwanayo inali m'gulu la zobedwa. Mukaona kuti ufulu wanu waphwanyidwa, dandaulo limapita ku Student Privacy Policy Office ya unduna wa zamaphunziro pasanathe masiku 180. Koma kusumira sukulu pa lamulo limeneli sikutheka: khoti lalikulu kwambiri la America, Supreme Court, linagamula choncho mu 2002 pamlandu wa Gonzaga University v. Doe. Milandu yofuna chipepeso inalunjika kwa kampani ya PowerSchool, ndipo yambiri anaiphatikiza kukhoti la ku San Diego. Milandu yotere imatenga zaka, ndipo amene amapeza kenakake kooneka kawirikawiri amakhala amene ali ndi umboni wa zimene anataya. Choncho sungani malisiti a positi ndi kalata iliyonse. Ngati ngongole yapezekadi m'dzina la mwana, pamenepo ndiye onanani ndi loya, ndiponso dandaulani ku ofesi ya Attorney General, loya wamkulu wa boma la North Carolina.

Samalani ndi mafoni. Amene ali ndi zobedwazo amadziwa dzina la mwana, sukulu yake ndi nambala yanu ya foni, ndiye akaimba amamveka ngati a muofesi enieni. Akanena zotsimikizira nambala kapena zolipira kuti mulandire chipepeso, dulani foni, muimbire sukulu pa nambala imene mumaidziwa kale.

Pomaliza, ambiri a ife obwera timapereka chilichonse chimene fomu yafunsa poopa kuti mwana akanidwa malo. Sukulu ya boma singakane mwana chifukwa choti simunapereke nambala ya Social Security. Polembetsa chaka chamawa siyani mpatawo osalemba, ndipo mu imelo ija apempheninso achotse nambala imene ali nayo kale.