Mtima wa Papa Yohane Paulo Wachiwiri unaumbidwira ku Wadowice

Mayi, mwanena kuti munawaona Papa Yohane Paulo Wachiwiri atabwera ku Malawi mu May 1989, ndipo mukufunsa ngati kupirira kwawo ndi chikondi chawo pa anthu a zipembedzo zina anaziphunzira ku seminale. Ine ndikuti seminale inapeza mbewu itamera kale kwawo ku Wadowice, katawuni kakang'ono ka ku Poland, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Kraków.

Papayu, yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Karol Wojtyła, anabadwira komweko pa 18 May 1920, m'nyumba ya lendi yoyandikana ndi tchalitchi cha parishi. Maliro anagwa pakhomopo motsatizana. Mayi ake, a Emilia, anamwalira mu 1929 iye asanakwanitse zaka 9. Mu 1932 mkulu wake Edmund, yemwe anali dokotala, anamwaliranso ndi matenda a scarlet fever amene anatengera kwa wodwala wake. M'nyumbamo anatsala awiri okha, mwanayo ndi bambo ake, msilikali wopuma ntchito.

Za bamboyu ndi zimene zimandikhudza kwambiri. Sanakwatirenso. Mwanayo anamulera yekha, ndipo mkazi wake atamwalira anamutenga kukapemphera ku Kalwaria Zebrzydowska, malo opatulika a Amayi Maria apafupi ndi kwawo. Karol akadzidzimuka usiku ankapeza bambo ake atagwada pansi, akupemphera mwakachetechete. Patapita zaka zambiri Papa anafotokoza kuti iye ndi bambo ake sanakambiranepo za unsembe, koma chitsanzo chawocho ndicho chinali seminale yake yoyamba. Bamboyo anamwalira mu 1941, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, Karol ali ndi zaka 20, ndipo apa m'banjamo anatsala yekhayekha. Ine ndikamakumbukira mmene Papa ankaimira pamaso pa anthu atakalamba, manja akunjenjemera ndi matenda a Parkinson koma osabisala, ndimaona mwana uja amene anaphunzira kulira ndi kupemphera nthawi imodzi.

Za Ayuda nazo zinayambira pakhomo. Mwini nyumba imene ankakhala anali Myuda, ndipo m'tawunimo Ayuda anali ambiri ndithu. Anyamata akamasewera mpira, Akatolika mbali ino Ayuda mbali inayo, Karol nthawi zambiri ankakhala goloboyi wa timu ya Ayuda ikaperewera anthu. Mnzake wapamtima wa kusukulu, Jerzy Kluger, anali Myuda, ndipo mayi ake a Jerzy, mlongo wake ndi agogo ake anaphedwa ndi a Nazi, chipani cha Hitler cha ku Germany. Awiriwa anadzakumananso ku Rome mu 1965 ndipo ubwenzi wawo sunathe mpaka imfa ya Papa mu 2005.

Choncho pa 13 April 1986, pamene Papa analowa m'sunagoge (nyumba yopemphereramo Ayuda) wamkulu wa ku Rome n'kutchula Ayuda kuti abale athu aakulu, ankanena za anthu amene ankawadziwa mayina ndi makomo awo kuyambira ali mwana.